Thupi likutentha, malungo sakupezeka: funsani za mtima

Kuno kwathu thupi likangotentha, dzina la matenda limakhala lapezeka kale. Mutu ukuwawa, malungo. M'thupi mukuphwanya, malungo. Mwadzuka usiku zofunda zitanyowa ndi thukuta, malungo omwewo. Nthawi zambiri timakhala tikunena zoona ndithu, poti udzudzu sunatisiye. Nkhani imavuta pamene munthu wapita kuchipatala, am'baya chala, kachipangizo koyezera kaonetsa mzere umodzi, adokotala n'kunena kuti malungo mulibe. Ambiri sitikhulupirira. Timati angobisala, n'kudutsira pafamase kapena pagolosale kugula LA, Panado ndi makapusozi angapo ofiira ndi achikasu aja.

Thupi limazizira masiku atatu kapena anayi, kenako kutentha kuja kumabwerera. Mukangolemba pa WhatsApp kuti simukupeza bwino, madokotala a pagulupu amatulukira. Wina akuti ndi taifodi, imwani cipro. Wina akuti Bactrim ndiye amathana nazo. Wina watumiza vidiyo ya adyo, jinja ndi mandimu. Sabata ziwiri zimatha choncho, kenako mwezi, munthu akuonda, buluku likukhwepa m'chiuno.

Matenda amene amatenthetsa thupi nthawi yaitali chonchi alipo angapo, monga TB, taifodi ndi matenda obwera chifukwa cha HIV. Koma pali ena amene satchulidwatchulidwa, omwe achipatala amati infective endocarditis. Apa mabakiteriya amakhala amanga chisa mkati mwa mtima. Si matenda ofala ngati malungo, koma akapanda kuchizidwa amapha pafupifupi aliyense amene wawadwala, ndipo ngakhale m'zipatala zokhala ndi zonse, pafupifupi wodwala mmodzi mwa asanu aliwonse satuluka wamoyo. Zimene abale amachita panyumba ndi panjira, wodwala asanafike m'manja mwa adokotala, zikhoza kuthandiza kapena kuononga kwambiri.

Zitseko zinayi za mumtima

Mtima ndi pampu ya zipinda zinayi. Potulukira pa chipinda chilichonse pali chitseko chimene chimatseguka magazi akamadutsa, n'kutsekeka kuti asabwerere m'mbuyo. Achipatala amati mavalavu, dzina lomwe aliyense amene anapopapo tayala la njinga akulidziwa. Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku, ndiye kuti zitsekozi zimagwira ntchito usana ndi usiku, popanda tchuthi.

Mabakiteriya amalowa m'magazi mwathu kawirikawiri kuposa mmene timaganizira. Nkhama zikamatuluka magazi potsuka mano, chithupsa chikafinyidwa, dzino likazulidwa, ena amalowa ndithu. Mwa munthu wa mtima wabwinobwino, asilikali a m'thupi amawapha posakhalitsa, komanso chitseko chosalala sichiwapatsa pogwira. Koma chitseko chikakhala ndi zipsera kapena chikamadontha, magazi amadutsa mwachiwawa n'kumakanda khungu la mkati. Pokandikapo pamaundana timagazi, ndipo mabakiteriya akafika pamenepo amakakamira. Amaswana, timagazi tina n'kuwakwirira, mpaka pachitsekopo pamamera chinthu chonga njerewere yofewa.

Chotupa chimenechi chimaononga m'njira zitatu. Chimadya chitseko mpaka kuchiboola, mtima n'kulephera kupopa bwino, madzi n'kudzaza m'mapapo. Chimanyenyeka, tizidutswa n'kuyenda ndi magazi kukatseka mitsempha ya ku ubongo, ku impso, ku kapamba kapena kumwendo. Chimathiranso mabakiteriya m'magazi mosalekeza, zomwe zikhoza kufooketsa thupi lonse. Ndipo popeza zitseko za mtima zilibe mitsempha yambiri ya magazi, asilikali a m'thupi amavutika kufikako. N'chifukwa chake makapusozi a masiku asanu sangathe matendawa.

Liwiro la matendawa limatengera mtundu wa mabakiteriya. A mtundu wa Streptococcus amene amakhala m'kamwa amadwalitsa pang'onopang'ono, sabata zingapo kapena miyezi. A mtundu wa Staphylococcus aureus, omwe amakhala pakhungu ndipo ndi amene amayambitsa zithupsa zambiri, ndi aukali. Akhoza kugwira ngakhale chitseko chimene chinali chabwinobwino n'kuchiononga m'masiku ochepa.

Kwathu kuno nkhani imayambira pakhosi

Kumayiko olemera matendawa amagwira anthu 3 mpaka 10 pa 100,000 aliwonse pachaka, ndipo ambiri mwa iwo ndi okalamba kapena amene anaikidwa zitseko zochita kupanga. Kuno ku Africa odwala ambiri ndi achinyamata, ndipo gwero lake ndi chinthu chimene timachiona ngati chaching'ono, zilonda zapakhosi.

Mwana wa zaka zapakati pa 5 ndi 15 akadwala zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi mabakiteriya a Streptococcus a gulu A, n'kupanda kulandira penisilini, pakapita sabata ziwiri kapena zitatu chitetezo cha m'thupi mwake chikhoza kusokonezeka. M'malo molimbana ndi mabakiteriya okha, chimayamba kumenya mawondo, zigongono ndi zitseko za mtima. Achipatala amati rheumatic fever. Mwanayo amatentha thupi, lero bondo latupa, mkuja ululu wasamukira pa akakolo. Mafupa amachira, koma zitseko zimatsala ndi zipsera, makamaka matendawa akamabwerezabwereza. Zikafika pamenepo ndiye amati rheumatic heart disease.

Padziko lonse anthu oposa 40 miliyoni ali ndi vuto limeneli, ndipo oposa 300,000 amamwalira nalo chaka chilichonse. Mu 2018 mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana mfundo yapadera yolimbana nalo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016, momwe anaunika mitima ya ana 1,450 m'boma la Lilongwe, anapeza kuti pafupifupi ana atatu pa 100 aliwonse anali ndi zizindikiro za kuonongeka kwa zitseko, chonsecho anawo ankaoneka athanzi. Kafukufuku wina wamkulu wotchedwa REMEDY, yemwe anatsata odwala 3,343 m'mayiko 12 a mu Africa kuphatikizapo Malawi, komanso ku India ndi ku Yemen, anapeza kuti theka la odwalawo linali la zaka zosapitirira 28, ndipo awiri mwa atatu aliwonse anali akazi. Amenewa ndi anthu a msinkhu wa inu amene mukuwerenga nkhaniyi pafoni.

Ena amene ali pachiopsezo ndi obadwa ndi vuto la mtima, amene anachitidwa opaleshoni n'kuikidwa chitseko chochita kupanga, amene anadwalapo kale endocarditis, amene amasefedwa magazi pamakina chifukwa cha impso, ndi amene akhala ndi kanyula pamkono masiku ambiri mpaka pamalopo kufiira ndi kutupa. Palinso amene amadzibaya mankhwala ozunguza bongo. Mwa iwowa nthawi zambiri chimagwidwa ndi chitseko cha kumanja kwa mtima, ndipo tizidutswa timakatsakamira m'mapapo, zinthu n'kumaoneka ngati chibayo chosamva mankhwala. Jakisoni wobayidwa kuseri kwa msika, mphini zotemedwa ndi lezala losasamalika, tattoo ya pakhonde la mnzanu, mano obooka, ndi matenda a m'chiberekero obwera pambuyo pobereka kapena pochotsa pakati mobisa, zonsezi ndi makomo olowera mabakiteriya m'magazi.

Zizindikiro zofunika kuziyang'ana

Pafupifupi odwala 9 mwa 10 aliwonse amatentha thupi. Kutenthako sikukhala kwakukulu nthawi zonse, kumatha kumabwera madzulo n'kumachoka m'mawa. Pamwamba pa apo pamabwera kunjenjemera, thukuta la usiku, kusafuna kudya, kuonda, kutopa kosadziwika bwino, kuwawa kwa msana ndi mafupa, ndi kuyera m'maso chifukwa cha kuchepa kwa magazi. Munthu amene ankakwera chitunda osapuma amayamba kupuma wefuwefu atangoyenda pang'ono. Usiku amafuna mapilo awiri kapena atatu, apo ayi amagona chokhala. Mapazi amatupa.

Pali zizindikiro zina zing'onozing'ono zimene sizipezeka mwa aliyense, koma zikapezeka zimanena zambiri. Yang'anani zikhadabo, mwina muona timizere tofiirira kapena takuda tonga tizitsotso tolowa pansi pa chikhadabo. Yang'anani m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi, mwina muli timadontho tofiira tosawawa. Kunsonga za zala kukhoza kutuluka timatuza topweteka kwambiri tikakhudzidwa. Tsitsani chikope cham'munsi, mkati mwake mukhoza kuoneka timadontho ta magazi. Pakhungu lakuda timadontho totere sitioneka msanga, n'chifukwa chake m'zikhatho, kumapazi, m'maso ndi m'kamwa ndi momwe muyenera kuyang'anamo. Mkodzo ukhozanso kufiira ngati tiyi wopanda mkaka.

Lamulo losavuta kulikumbukira ndi ili. Ngati thupi latentha kupitirira sabata imodzi, malungo sanapezeke kapena mwamwa LA yense koma sizikusintha, bwererani kuchipatala. Ngati munauzidwapo kuti muli ndi vuto la mtima, musadikire n'komwe sabatayo. Kutentha thupi kwa masiku awiri kapena atatu kopanda chifukwa chodziwika n'kokwanira kuti mukaonane ndi adokotala.

Makapusozi amafufuta mapazi a wakuba

Dokotala wa ku Canada, William Osler, anafotokoza matendawa mwatsatanetsatane ku London mu 1885, koma panthawiyo panalibe mankhwala. Katswiri wopeka nyimbo Gustav Mahler, yemwe madokotala anam'peza ndi vuto la chitseko cha mtima mu 1907, anayamba kutentha thupi ali ku New York kumayambiriro kwa 1911. Madokotala anatenga magazi ake, anawasunga mulabu, mabakiteriya a Streptococcus n'kumera. Matenda anadziwika, koma chochita panalibe, ndipo anamwalira ku Vienna pa 18 Meyi 1911 ali ndi zaka 50. Penisilini anayamba kuchiza matendawa m'zaka za m'ma 1940.

Lero mankhwala tili nawo, koma timawamwa mwa njira yoti adokotala alephere kudziwa chimene chikutidwalitsa. Njira yoyezera ikadali yomwe ija anachita kwa Mahler. Amatenga magazi, kawirikawiri katatu, pamalo osiyanasiyana a mkono, n'kuwathira m'mabotolo momwe mabakiteriya amamera pakapita tsiku limodzi kapena angapo. Akamera, alabu amadziwa mtundu wake komanso mankhwala amene angawaphe. Kuyeza kumeneku, pamodzi ndi kuunika mtima ndi makina a echo, ndiwo maziko a ndondomeko yozindikirira matendawa imene madokotala a ku Duke University ku America anakonza mu 1994, yomwe yakhala ikukonzedwanso mpaka pano.

Tsono mukamwa amoxicillin kapena cipro masiku atatu musanayezedwe, mabakiteriya oyandama m'magazi amachepa, koma aja okwiririka pachitseko amatsala ali moyo. Thupi limazizira pang'ono, inu n'kumati ndachira. Magazi akatengedwa, m'botolo simumera kanthu. Chifukwa chachikulu chimene magazi a wodwala endocarditis amalepherera kuonetsa mabakiteriya ndi chimenechi, maantibayotiki omwedwa kale. Zili ngati kusesa pabwalo apolisi asanaone mapazi a wakuba. Adokotala amakakamizika kupereka mankhwala mongoyerekeza kwa sabata zambiri, pamene akanatha kulasa pomwe pali mdani.

Palinso vuto lina. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, magazi a odwala akhala akuyezedwa motere kuyambira mu 1998 mothandizana ndi bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, ndipo zotsatira za zaka zonsezi zaonetsa kuti mabakiteriya ambiri akusiya kumva mankhwala amene tinkadalira. Makapusozi ogula awiriawiri pagolosale akuthandizira vutoli.

Apa tisasokoneze zinthu. Chimene tikuletsa ndi kudzipatsa nokha maantibayotiki. Wodwala akafika pachipatala chaching'ono ali wothedwa, achipatala akhoza kum'baya mankhwala nthawi yomweyo asanam'tumize kuchipatala chachikulu, chifukwa moyo ndiwo umayamba. Musakane. Ingoonetsetsani kuti dzina la mankhwalawo ndi nthawi yake zalembedwa m'buku lachipatala. Ngati kutentha kwavuta muli panyumba, wamkulu akhoza kumwa Panado, mapiritsi awiri a 500mg, osabwereza maola 6 asanathe. Brufen ndi asipirini zisiyeni kaye, chifukwa zikhoza kupweteka impso zomwe zili kale pamavuto komanso kuchititsa kuti magazi asagwirane.

Zikafika pothina

Pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi amafika kuchipatala kachidutswa katatseka kale mtsempha penapake. Ndiye kuti kwa mabanja ambiri, tsiku loyamba kumva dzina la matendawa limakhala tsiku la ngozi. Ambulansi kwathu kuno sifika pakhomo paliponse, choncho thandizo loyamba limakhala m'manja mwa mlongo, mnzake wa chipinda chimodzi ku hositelo, kapena aneba. Nazi zoyenera kuchita.

Ngati akubanika, akulephera kumaliza chiganizo, akukhosomola thovu, kapena milomo yasintha mtundu, ndiye kuti mtima ukulephera ndipo madzi akudzaza m'mapapo. M'khazikeni tsonga, msana utatsamira, miyendo ili lende pansi. Masulani lamba, kolala ndi chilichonse chothina, tsegulani mawindo, anthu asamuunjirire. Musam'goneke chagada ngakhale m'galimoto, chifukwa kugona kumaonjezera kubanika. Musam'kakamize kumwa madzi ambiri poganiza kuti mukutsitsa kutentha. Pofika kuchipatala, mawu oyamba akhale akuti akubanika, kuti alandire okosijeni msanga.

Ngati kamwa yapotokera mbali imodzi, mkono kapena mwendo wafooka, mawu sakumveka kapena diso lasiya kuona mwadzidzidzi, imeneyo ndi sitiroko, ngakhale munthuyo ali ndi zaka 22. Yang'anani wotchi ya pafoni, lembani nthawi imene zayambira. Musam'patse chakudya, madzi kapena mapiritsi, chifukwa akhoza kutsamwa zinthu n'kulowa m'mapapo. Pa WhatsApp pamayenda mauthenga awiri oopsa. Wina umati munthu wa sitiroko mum'baye nsonga za zala ndi singano kuti magazi atuluke. Zimenezo n'zabodza, zimangotayitsa nthawi. Wina umati mum'patse asipirini. Pa endocarditis mabakiteriya amatha kufewetsa mtsempha wa mu ubongo mpaka kuphulika, ndipo asipirini amangoonjezera kukha kwa magaziko. Pachifukwa chomwecho, ngakhale mankhwala osungunula magazi oundana amene zipatala zina zimapereka pa sitiroko wamba saperekedwa kwa wodwala endocarditis. Choncho musaiwale kuuza adokotala kuti munthuyu wakhala akutentha thupi sitirokoyo isanabwere.

Ngati wasokonezeka mutu, akupuma mofulumira, manja ndi mapazi zazizira pamene thupi likutentha, ndipo tsiku lonse sanakodze, ndiye kuti mabakiteriya afalikira ndipo magazi sakuthamanga mokwanira. Ngati sakubanika, m'gonekeni, miyendo muikweze pang'ono, m'fundikeni chopepuka, nyamukani nthawi yomweyo. Musadikire kuti kuche. Kubwebweta kwa munthu wotentha thupi kumachokera ku matendawo, ndiye ngati pali ofuna kupemphera, apemphere galimoto ikuyenda.

Ngati mwendo kapena mkono wayamba kuwawa kwambiri mwadzidzidzi, wazizira, wachita dzanzi, ndiye kuti mtsempha watsekeka. Musausisite, musauthowe ndi madzi otentha, musautemere mphini, musaukweze m'mwamba. Ufundikeni nsalu basi. Chiwalo chosowa magazi chimayamba kufa pakangotha maola pafupifupi 6, ndiye ulendo wake ndi wa lero lomwe. Ululu wobaya mwadzidzidzi kumanzere kwa mimba, pansi pa nthiti, nawonso ndi wothamangira nawo, chifukwa kumeneko n'kumene kuli kapamba.

Ngati wakomoka koma akupuma, m'gonekeni cham'mbali, mutu utapendekera kumbuyo pang'ono kuti malovu ndi masanzi zituluke. Akamagwedezeka ngati wakhunyu, chotsani zinthu zomwe zingam'pweteke, osaika supuni kapena chala m'kamwa. Ngati sakuyankha ndipo sakupuma, kapena akungotsalima, m'gonekeni chagada pamalo olimba, ikani dzanja limodzi pamwamba pa linzake pakati pa chifuwa, dinikizani mwamphamvu kulowa masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pamphindi. Mukatopa sinthanani ndi mnzanu, wina akusaka galimoto.

Za mayendedwe, galimoto ndi yabwino kuposa kabaza. Ngati njinga yamoto ndiyo yokhayo ilipo, wina akhale kumbuyo kwa wodwalayo atam'gwira, ndipo wokomoka asakwezedwe panjinga. Wodwala asayende wapansi kukafika pasiteji. Wodwala wa zizindikiro zoopsazi apite kuchipatala chapafupi chomwe chingayambe kum'thandiza, koma ngati chipatala cha boma cha paboma kapena chachikulu monga Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Mzuzu kapena Zomba chili pamtunda wofanana, lunjikani kumeneko. Ngati mungathe, imbirani wachibale kapena mnzanu wogwira ntchito kuchipatala kuti adziwe kuti mukubwera.

Foni yanu igwire ntchito

Foni imene imabweretsa malangizo abodza ija ikhozanso kuthandiza adokotala. Jambulani mapaketi a mankhwala onse amene wodwala wamwa mwezi uno, kuphatikizapo a pagolosale ndi azitsamba. Jambulani timadontho ta m'zikhatho ndi m'zikhadabo pamalo owala, chifukwa tina timazimirira pakapita masiku. Lembani tsiku limene kutentha kunayamba, ndipo ngati muli ndi choyezera kutentha, lembani manambala m'mawa ndi madzulo. Jambulani masamba a buku lachipatala, makamaka pomwe panalembedwa za mtima, kuti bukulo likaiwalika panyumba mbiri isaiwalike nalo.

Pamzere wa kuchipatala anthu amakhala ambiri ndipo dokotala amakhala ndi mphindi zochepa pa wodwala aliyense. Mukangoti "thupi likutentha", mudzayezedwa malungo n'kubwerera kunyumba. Nenani zonse mwachidule komanso mwaulemu: "Adokotala, mchemwali wangayu watentha thupi sabata zitatu. Malungo anayeza kawiri osapezeka. Ali mwana anamuuza kuti ali ndi vuto la valavu, amabayitsa jakisoni mwezi ndi mwezi. Sabata yatha anamwa amoxicillin masiku anayi. Mungamumvereko mtima?" Mawu amenewa satenga ngakhale mphindi imodzi, koma amapatsa dokotala poyambira. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ngati munadzibaya mankhwala, munachotsa pakati kapena munatemera mphini, nenani. Ngati wodwala amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana amene amapatsidwa anthu oikidwa zitseko zachitsulo, nenani msanga, ndipo asasiye kapena kuonjezera yekha.

Sabata 4 mpaka 6 pabedi

Matendawa akatsimikizika, chithandizo chake ndi maantibayotiki obaya mumtsempha, kwa sabata 4 mpaka 6, ena kangapo patsiku. Apa m'pamene mabanja ambiri amagwa ulesi. Pakatha sabata imodzi kutentha kumatsika, wodwala amayamba kudya nsima, gadiyani watopa kugona pasimenti, ndalama yatha, kuntchito akufunsa, mayeso ayandikira. Maganizo othawa m'chipatala amabwera. Koma mabakiteriya a pakati pa chotupa chija amafa mochedwa, ndipo kusiyira panjira kumabweza matenda ali olusa kuposa poyamba. Achibale agawane masiku odikirira wodwala kuyambira sabata yoyamba, katundu yense asagwere munthu mmodzi.

Ubwino wofika msanga ndi wakuti chiopsezo cha tizidutswa tija chimatsika kwambiri m'sabata ziwiri zoyambirira za mankhwala oyenera. Kumayiko okhala ndi zipangizo, pafupifupi theka la odwala amafunika opaleshoni yokonza kapena kusintha chitseko. Kuno opaleshoni yotere ndi yosowa, ndipo ambiri ofunika thandizoli amadikira mwayi wotumizidwa kunja, monga ku India. Kwa Mmalawi, kupezeka ndi matendawa chitseko chisanabooke ndiye mwayi waukulu umene ulipo.

Zimene mungayambe lero

Tsukani mano kawiri patsiku, ndipo dzino lobooka musalisunge ndi Panado miyezi. Kwa munthu wa vuto la chitseko, m'kamwa mwaukhondo ndi chitetezo chachikulu kuposa mapiritsi. Amene anaikidwa chitseko chochita kupanga, amene anadwalapo endocarditis ndi ena obadwa ndi vuto la mtima amayenera kumwa maantibayotiki kamodzi, mphindi 30 mpaka 60 asanazulidwe dzino, molembedwa ndi dokotala. Choncho uzani wozula mano za mtima wanu musanakhale pampando.

Mng'ono wanu akadandaula pakhosi uku thupi likutentha, popanda chimfine kapena chifuwa, mutengereni kuchipatala. Penisilini wa masiku 10, kapena jakisoni mmodzi, akhoza kuteteza mtima wake moyo wonse. Amene ali kale ndi rheumatic heart disease asadumphe jakisoni wa benzathine wa mwezi ndi mwezi. Ndi wowawa, inde, koma amaletsa zitseko kuonongeka moonjezera. Dziwani kuti jakisoniyu sateteza ku endocarditis, ndiye thupi likatentha musati poti ndimabayitsa palibe vuto. Zithupsa musazifinye ndi zala zakuda, ndipo kanyula ikayamba kuwawa kapena kufiira auzeni anamwino. Ngati muli ndi vuto la mtima, za tattoo ndi kuboola mphuno kapena lilime zikupiteni.

Nawo a Unduna wa Zaumoyo ali ndi gawo lawo. Benzathine asamasowe m'zipatala zing'onozing'ono, mabotolo oyezera magazi ndi makina a echo afike m'zipatala za m'maboma, ndipo bungwe loona za mankhwala la PMRA lilimbikire kuletsa kugulitsa maantibayotiki popanda chikalata cha dokotala. Koma zimenezo zimatenga nthawi. Chimene mungachite madzulo ano n'kufunsa amayi kapena agogo ngati munadwalapo kutupa mawondo muli mwana, kapena ngati dokotala wina ananenapo kuti mtima wanu ukumveka phokoso. Akati inde, lembani zimenezo mufoni, muuzenso mnzanu amene mumakhala naye, kuti tsiku limene simungathe kudzilankhulira adzakulankhulireni.